A Chivindikiro Amayambira Kumunsi

Ku nthambi ya khonsolo yoona za misewu ndi ngalande, munthu amene wakhalitsa kuposa mipando ya mu ofesi ndi a Chivindikiro. Zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu akhala akutukula zivindikiro zachitsulo za m'misewu, n'kunena chimene chatseka pansipo asanasuzumire n'komwe. Amangonunkhiza. Akati "matewera," ndi matewera basi. Akati "galu," anzawo amayamba kumanga mipango pamphuno.

Ndi munthu wamfupi, wamatewe, ndipo jombo zake n'zosiyana, ina yakuda ina yobiriwira. Inzake ya yakudayo inapita ndi madzi chaka china, ndipo ku khonsolo akuti akuitanitsabe. Kunyumba mayi sawalola kulowa asanasambe, ngakhale Lamlungu loti sanagwire ntchito. Amati fungolo linalowerera m'mafupa. Bambowo satsutsa, amangotenga sopo n'kulowera kuseri.

Pa ntchito ali ndi lamulo limodzi, ndipo aliyense wolembedwa kumene amalimva mpaka makutu kuwawa: ngalande imatsegulidwa kuyambira kumunsi, kumene madzi amatulukira, n'kumakwera. Ukayamba kumtunda, madzi onse amene anaima amatsika nthawi imodzi, akapeza kumunsi kotseka, n'kulowa m'nyumba za anthu. Nzeru yonse ya a Chivindikiro ndi imeneyo. Zina zonse, monga kuwerenga mapu, amasiyira ophunzira.

Tsiku limene tikunenali mvula inayamba cha m'ma teni koloko m'mawa, yosapumira. Pofika masana msewu waukulu wa pafupi ndi msika unali dziwe. Maminibasi atatu anazimira pakati, makondakitala atakwera padenga, anthu atandanda m'makonde a sitolo n'kumajambula ndi mafoni. Lole ya khonsolo inafika ndi anthu asanu ndi mmodzi, mafosholo, ngowe zachitsulo, ndi injiniya watsopano wa chisoti choyera chopanda n'kukanda komwe. Foni yake inali isanapume chitulukireni mu ofesi.

"Tsegulani apa," anatero injiniyayo, akuloza sefa yachitsulo ya m'mbali mwa msewu, imene inali itadzaza majumbo ndi mabotolo. "Akuluakulu akufuna msewu uno uyende isanakwane thu koloko."

"Bwana, kumunsi kaye," anatero a Chivindikiro.

"Kumunsi kuli magalimoto?"

"Kuli nyumba."

"Madala, mapu akuonetsa kuti paipi ya kumunsi ndi yayikulu kuposa ino. Madzi adutsa."

"Mapuwo anajambula anthu asanayambe kutaya zinyalala, bwana."

Kapitawo wa gululo, amene amadziwa mbali zonse ziwiri ndipo sakonda kutsamira ina iliyonse, anayang'ana kumwamba ngati mvulayo ndi yachilendo. Chimene injiniya sankadziwa n'chakuti kumunsiko, m'kanjira kotsika kuseri kwa msika, m'nyumba yachitatu kuchokera pakamwa pa paipi mumakhala mwana wamkazi wa a Chivindikiro, ndi khanda la masabata awiri. Pansi pa nyumbayo m'potsika kuposa msewu. Madzi akabwerera, poyamba kulowa ndi pamenepo.

"Ndipatseni theka la ola," anatero a Chivindikiro.

"Mphindi khumi ndi zisanu. Zikatha titsegula, muli kuno kaya muli uko."

Anatenga ngowe n'kutsika wapansi, madzi akuwamenya m'mawondo. Munthu wa zaka zawozo sathamanga, koma amene anawaona akuti miyendo yamatewe ija inawongoka tsiku limenelo.

Kukamwa kwa paipi anapeza zimene mphuno yawo inkayembekezera. Madzi ankangodontha ngati mpopi wakutha, kutanthauza kuti m'kati mwatsekeratu. Analowa m'ngalandemo mpaka m'chiuno n'kuyamba kukola. Kunatuluka nthambi, chidebe chobooka, theka la mpando. Kuseri kwa zonsezi kunali chinthu chofewa, cholemera, chokana kusuntha.

Mkamwini wawo anatuluka ndi ambulera. Ameneyu amagulitsa zikwama za mafoni patebulo, koma tebulolo amalitcha kampani, ndipo anzake akafunsa za apongozi ake amati amagwira ntchito "ya zaumisiri."

"Bambo, tulukanimo, mudwala. Si pali anthu a ntchito imeneyi?"

"Anthu ake ndi ine. Ikani ambulerayo pansi mugwire apa."

"Nsapatozi n'zachikopa, bambo."

"Vulani. Mkazi wanu ndi mwana ali kuti?"

"Pabedi."

"Bediyo iyandama posachedwa. Gwirani."

Anagwira. Kumtunda mphindi zija zinali zitatha, ndipo a Chivindikiro anamva m'paipi mukulindima chapatali. Madzi anayamba kutumphuka pa chivindikiro cha pakati pa kanjirako, akuda bii, n'kumayenderera kumakomo. Madziwo anakwera sitepe yoyamba ya nyumba yachitatu. Mwana wawo anaima pazenera khanda lili paphewa.

Anakoka kachiwiri, kachitatu. Kachinayi chinthucho chinabwera chonse, n'kuwagwetsera onse awiri chagada m'matope, madzi n'kuphulika pambuyo pake kulowera kumtsinje. Madzi a pakhomo paja anaima kaye pasitepe yachiwiri ngati akuganiza, kenako anayamba kubwerera.

Chinali matiresi. A Chivindikiro anachitembenuza ndi ngowe, n'kuona maluwa abuluu ndi chigamba cha pakona chimene mayi akunyumba anasoka ndi manja awo. Ndi matiresi amene iwo anapereka kwa ana awiriwa polowa m'banja.

"Tinagula atsopano," anatero mkamwini, maso ali pa zala za kumapazi. "Awa ndinangowatsamiritsa m'mbali mwa ngalande. Ndimati wina awatola."

"Awatoladi," anatero a Chivindikiro.

Matiresiwo anawakokera pakhomo pa mwini kampani uja n'kuwasiya pamenepo akuchucha, kenako anakweranso kumsewu waukulu, poti kunali masefa ena anayi oti atsegule. Injiniya anawafunsa ngati kumunsi kunali vuto. Iwo anati kunali pang'ono. Msewu unayenda itangodutsa thu koloko, ndipo lipoti la tsikulo linati gulu linagwira ntchito kumtunda ndi kumunsi mogwirizana.

Madzulo mwana wawo anatumiza uthenga kuti m'nyumba simunalowe dontho, ndipo khanda linagona nthawi yonseyo. Mkamwini akuchira chimfine. Matiresi aja anawanyamula yekha pamutu mpaka kudzala, masana, kudutsa pamsika.