Wotsutsa wa Pamsika wa Thuchila

Chimene sindinamvetse mwa Isake Namakhwa, wogulitsa mankhwala a makoswe pa Thuchila, n'choti munthu wopanda ndi kamunda komwe anawadziwa bwanji alimi chonchija.

Chaka chimene mbozi zinalowa m'chimanga, pamsikapo panafika Dyna, mtsikana wongomaliza kumene ku yunivesite, amene ankafufuza za mbozizo. Akuluakulu ake anamupatsa masiku atatu a msika kuti auze alimi zimene wapeza, iwonso amuuze zawo. Zikakanika, abwerere ku labotale. Masiku awiri anaima ndi zithunzi zake. Anthu ankamvetsera mwaulemu n'kumapita, poti mlendo wophunzira safunsidwa mafunso, angachite manyazi.

Isake ankaonerera ali pa katundu wake, mtima ukumuwawa. Tsiku lachitatu, Dyna atangonena kuti mbozi amazisaka m'mamawa, iye anakuwa:

"Bodza, achemwali! Mbozi zimagwa ndi mvula. Munagwirapo khasu inu?"

Dyna anapsa mtima. "Bambo, gulugufe ndi amene amaikira mazira patsamba. Mazirawo ndi awa m'botolomu!"

"Amenewo ndi madeya!"

Mayi Lines ogulitsa nandolo analephera kupirira. "Iwe Isake, zako ndi makoswe akufa! Mazirawo ine ndinawaona ndi maso angawa. Ndimathira dothi mumtima mwa chimanga."

"Dothi?" anatero bambo wina. "Ine ndimawaza msuzi wa usipa, nyerere zibwere zidye mbozizo. Tiuzeni achemwali, ndani akulondola?"

Msika wonse unasonkhana. Dyna analemba mpaka cholembera chinauma.

Anthu atabalalika, Dyna anapita kukamukalipira Isake, koma anamupeza akuseka.

"Achemwali, anthu akuno ulaliki amaugonera, koma mkangano sauphonya. Kumsika wa ku Limbuli mupita liti?"

Akuluakulu aja atawerenga zolembazo anamuwonjezera Dyna nyengo yonse. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene Dyna waima, ku Limbuli kaya ku Chitakale, pankapezeka bambo wamakani wachipewa chosinthasintha, wonena zopusa mokweza. Agogo ena anamugenda Isakeyo ndi chitsononkho, iye n'kunena kuti ntchito yayenda bwino.

Chinawononga zinthu ndi ulemu. Dyna ataitanidwa pa wailesi, anathokoza Isake pomutchula dzina, n'kufotokoza zonse. Msika wotsatira, Isake atakuwa kuti "Bodza!" anthu anangogwa ndi phwete.

"Afika a pulofesa! Apatseni mpando!"

Palibe anamutsutsa. Komabe mayi wina anakweza dzanja yekha, kufunsa za mbozi za m'mapira, ndipo ena anatsatira. Isake anamvetsera pang'ono, kenako anayamba kumanga katundu wake panjinga.

"Mwandiulula, achemwali. Kuno ngakhale nditati makoswe amafa ndi mankhwalawa, aziseka."

Dyna anapepesa, iye anangogwedeza chipewa n'kupalasa. Ena amati anawolokera ku Mozambiki, ena amati ali ku Phalombe. Amene anamuona komaliza akuti pamphambano anaima kaye, ngati nayenso sankadziwa kolowera.