Chaka Chimene Amuna Anga Anaphunzira Kusambira

Tinakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu tisanapitepo kutchuthi chenicheni. Ndege tinkakwera ndithu, koma ulendo uliwonse unali wa kumudzi: maliro, kumanga chiliza, ukwati wa mng'ono wanga, matenda a apongozi. Ukatsika pa Chileka kapena pa Harare umapeza abale atakukonzera kale kopita tsiku ndi tsiku, ndipo pobwerera ku London umafika uli wotopa kuposa mmene unachokera.

Ine ndine wa ku Mulanje, ndipo ndimagwira ntchito ya unesi. Amuna anga anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Chinhoyi ku Zimbabwe, koma bambo awo anali a ku Ntcheu. Amayendetsa basi. Timakhala ku Woolwich, mufulati ya pamwamba pa mashopu, ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi. Chaka chimene ndikunenachi anali atangomaliza yunivesite, atabwerera m'chipinda chake chakale podikira kukayamba ntchito ku Leeds mu Epulo.

Linali Lamulungu masana mu Novembala, titangobwera kutchalitchi, kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja. Mwanayo anachotsa mbale patebulo n'kuikapo laputopu yake. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndiye tsikulo atayamba m'Chichewa tinayang'anana ndi bambo ake.

"Amami, adadi, tipite holide," anatero. "Osati kumudzi. Holide yeniyeni, kumene kulibe munthu wotidziwa."

Anatipatsa aliyense kapepala kuti tilembepo chinthu chimodzi chimene timafuna kuona tisanakalambe. Iye analemba kusambira pansi pa nyanja, kuja munthu amabereka botolo la mpweya n'kumakayenda ndi nsomba. Ine sindinachedwe, ndinalemba nkhalango. Ndinakulira m'munsi mwa phiri, ndipo chimene ndinkachisowa kwambiri ku London chinali fungo la masamba onyowa mvula ikangokata. Amuna anga anagwira cholembera nthawi yaitali. Kenako analemba mawu amodzi, mabwinja.

"Mabwinja a chiyani, bambo?" ndinafunsa.

Apo ndi pamene anatiuza nkhani imene sindinaimvepo zaka zonsezo. Ali giredi sikisi, sukulu ya pa famu inakonza ulendo wokaona nyumba zamiyala zakale za ku Masvingo. Ana anayeserera nyimbo zoimba m'lole sabata yonse. Tsikulo litafika, fodya anali atapsa m'munda, kapitawo n'kunena kuti aliyense wa manja awiri akathyole. Lole inadutsa mumsewu iwo ali pakati pa mizere, akumva anzawo akuimba.

"Ndiye bwanji tisangopita ku Masvingo komweko?" anafunsa mwana.

"Ndikangoponda pa Harare, azakhali ako amva," anatero akuseka. "Ku Masvingo sitikafikako. Tikathera sabata ziwiri tikupereka moni."

Mwanayo anafufuza mpaka tiyi anazizira, kenako anatembenuzira laputopu kwa ife. Anati kuli kadziko kotchedwa Belize, kumene zinthu zitatuzi zili pafupipafupi: nkhalango, mabwinja a anthu akale otchedwa Amaya, ndi nyanja yoyera yooneka mpaka pansi. Ine ndinkayesa ndi ku West Africa. Anandiseka, n'kundionetsa pamapu kuti kali kumunsi kwa Mexico.

Kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu lililonse masana linasanduka la msonkhano. Tinamata mapu pakhoma la kukhitchini, pambali pa kalendala ya mashifiti anga. Tinagwirizana zonyamuka mu Malichi, nthawi imene amati kumeneko sikugwa mvula yambiri. Tinkakangana pa chilichonse. Ine ndinkafuna masiku asanu m'nkhalango, mwana amati atatu akwana. Bambo ake ankafuna kuwoloka malire kukaonanso mabwinja aakulu a ku Guatemala. Ine ndinalemba mndandanda wa mankhwala, a udzudzu, a m'mimba, a zilonda, mpaka mwana anandifunsa ngati tikupita kutchuthi kapena kukatsegula kiliniki.

Amuna anga anakatenga khadi ya ku laibulale, koyamba chibwerereni ku England. Ankapita kuntchito ndi buku la Amaya m'chikwama cha chakudya, n'kumawerenga pa nthawi yopuma. Pobwera ankatiuza zimene apeza asanavule n'komwe jekete.

"Mayi, mukudziwa kuti anthu aja ankadya chiyani? Chimanga! Chimanga, nyemba ndi maungu, m'munda umodzi, ngati ku Ntcheu."

"Ndiye ndi abale anu," ndinatero.

"Musaseke. Munthu wolima chimanga ndimamumvetsa."

Vuto linatulukira mu Disembala. Mwana anati kuti munthu aloledwe kulowa pansi pa nyanja ayenera kuyamba waonetsa kuti amatha kusambira. Ine ndinadzitama. Ndili mtsikana tinkadumpha kuchokera pamwala kugwera m'dziwe la mumtsinje wa Likhubula, m'madzi ozizira ngati a mufiriji, ndipo anyamata ankandiopa. Amuna anga anangoyang'ana m'kapu.

"Adadi, mumatha?"

"Pa famu panali damu limodzi," anatero. "Munali ng'ona. Agogo ako ankatimenya tikangoyandikira."

Ndinkaganiza kuti anena kuti adzatidikira m'boti. Koma Lachiwiri lotsatira, tsiku lawo lopuma, anandipempha kuti ndiwaperekeze kumsika. Tinagula kabudula wosambirira. Wa saizi yawo anali atatsala mmodzi yekha, wabuluu wa zithunzi za zinanazi. Anamupinda bwinobwino n'kumubisa pansi pa anyezi m'jumbo.

Kalasi ya akuluakulu ophunzira kusambira inkachitika Lachiwiri m'mawa pa dziwe la m'nyumba kufupi ndi kwathu. Munali amayi achikulire asanu ndi awiri, ena a ku Nepal, ena a ku Nigeria, ndipo mwamuna anali iwo okha. Tsiku loyamba ndinakhala kuseri kwa galasi ndikuonerera. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, amene amakhotetsa basi ya nsanjika m'timisewu topanikiza popanda kugunda kanthu, anali atagwira khoma la dziwe ndi manja onse awiri, madzi akuwalekeza m'chiuno. Mphunzitsi anati aviike nkhope. Anaviika chibwano chokha.

"Musadzabwerenso," anandiuza pobwerera. "Mukundichititsa manyazi."

Ndinamvera kwa sabata zitatu. Yachinayi ndinali nditaweruka msanga pa shifiti yausiku, ndipo ndinakaima pakona pomwe sakanandiona. Ndinawapeza atagona chagada pamadzi, manja atatambasula, mimba ili m'mwamba, maso ali kudenga. Mphunzitsi anachotsa dzanja lake kumsana kwawo pang'onopang'ono, iwo osadziwa. Anayandama okha. Amayi aja anayamba kuwomba m'manja, mmodzi wa ku Nigeria mpaka nthungululu. Amuna anga atazindikira kuti palibe akuwagwira anadzidzimuka, n'kumwa madzi, n'kudzuka akutsokomola ndi kuseka nthawi imodzi. Ndinatuluka mwakachetechete. Kunyumba ndinayerekeza kudabwa pamene ankandifotokozera.

Kutchalitchi nkhani inamveka. Mayi wina wamkulu wa chigwirizano anandikokera pambali pa nthawi ya tiyi.

"Ndamva mukupita kutali. Muli ndi abale kumeneko?"

"Ayi, mayi, tikungokaona dziko."

"Kungokaona? Nanga kumudzi mwawauza?"

Funso limenelo linandikhala pamtima masiku angapo. Ndinali ndisanawauze. Ndinkaona ngati ndikuba tchuthi cha abale anga n'kukachimwaza kwa alendo. Pamapeto pake ndinaimbira foni akulu anga ku Mulanje, amene anandilera mayi athu atamwalira. Ndinazungulira, kufunsa za mvula, za mbuzi, za bondo lawo, kenako n'kuulula kuti chaka chino sitibwera.

"Iwe, wasamalira odwala zaka zingati kumeneko?" anatero. "Pita. Ukationereko ifenso. Koma ukajambule anyani a kumeneko, ndione ngati akuposa athu akuba chimanga."

Ndinatseka foni ndikupukuta m'maso.

Mu Januwale panabwera mafomu a zaumoyo. Aliyense wofuna kulowa pansi pa nyanja amayenera kuyankha mafunso, ndipo ukavomera matenda ena umafunika siginecha ya dokotala. Ndine nesi, ndinadziwa ndisanamalize tsamba loyamba. BP yanga inali isanakhazikike ngakhale ndinkamwa mapiritsi awiri, ndipo khutu langa lakumanzere linaboolapo kale. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Anandiuza mwaulemu kuti sangasaine.

Ndinakwera basi yobwerera ndili ndi mkwiyo wopanda womukwiyira. Ine wa pa Likhubula, wodumpha pamwala, kutsala m'boti! Kunyumba ndinangoponya fomu patebulo n'kuyamba kutsuka mbale zoyera kale.

Amuna anga anaiwerenga, n'kuipinda. "Basi, inenso ndasiya. Tidzakhalira limodzi m'boti, mwana adzalowe yekha."

"Mwamwa madzi a dziwe lija miyezi iwiri kuti mudzakhale m'boti?" ndinatero. "Mudzalowa. Mwanayu sangapite pansi popanda munthu wake."

Anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta mbale zija.

Kuyeserera ndi mabotolo kunachitikira pa dziwe lina ku Croydon, Loweruka. Titatsika tramu, kasitima ka mumsewu, tinadutsa pafupi ndi maofesi a za mapepala okhalira m'dziko, pamene kale tinkaima pamzere m'mamawa, mwana ali kumsana, mafayilo ali m'manja. Amuna anga analoza ndi chibwano. Padziwepo anawaveka zovala zakuda zothina, magalasi, ndi zipsepse zapulasitiki kumapazi. Ankayenda ngati bakha. Kenako anamira, iwo ndi mwana wawo, ine n'kutsala ndikuyang'ana thovu. Ndinawerenga mphindi ndi wotchi yanga yakuntchito. Atavuuka analavula chopumira cha pakamwa n'kundifunafuna ndi maso.

"Mayi, pansipa kuli zii! Kulibe woliza belu, kulibe wofunsa ngati basi ikudutsa ku Plumstead!"

Tinapita mu Malichi monga tinakonzera. Nkhalango inanunkhira monga ndinkayembekezera, mwina kuposa, ndipo m'mamawa anyani akuda ankabangula m'mitengo ngati mikango. Akulu anga ataona vidiyo anati amenewo si anyani, ndi ziwanda. Pamabwinja amuna anga anakwera masitepe onse mpaka pamwamba, akupuma katatu panjira. Anakakhala pansi kumeneko, dzanja lili pamwala, akuyang'ana mitengo yosatha mpaka wotiperekeza anachita kuwaitana kawiri. Sindinawafunse zimene ankaganiza.

Tsiku la kunyanja woyendetsa boti anandimvera chisoni. Anandipatsa magalasi ndi kapaipi kopumira, n'kunena kuti ndikhoza kuyandama pamwamba nditagwira chingwe. Ndinaviika nkhope. Madzi anali oyera moti ndinawaona bwinobwino pansi panga, bambo ndi mwana, akuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yamitundumitundu. Mwana anali atagwira bambo ake padzanja, monga iwo ankamugwirira powoloka msewu popita kusukulu. Kamba wamkulu wa m'nyanja anawadutsa osawalabadira. Ndinafuna kufuula kuti aone, ndipo ndinamwa madzi amchere.

Masiku khumi ndi awiri aja anatha ngati atatu. Zithunzi zilipo, koma ndikamakumbuka chaka chimenecho maganizo anga sathamangira kunyanja. Amapita kukhitchini kwathu, mawindo atachita nthunzi, anthu atatu tikulimbana kuti tidzagone kuti Lachinayi. Sitinkadziwa bwino kuti nyengo yozizira imeneyo inali yomaliza kukhala tonse m'nyumba imodzi.

Patatha sabata ziwiri chibwerereni, tinabwereka vani n'kumuperekeza mwana ku Leeds. Tinakweza mabokosi m'kachipinda kake ka pamwamba, ndinamuyalira bedi, bambo ake anamangitsa shelefu imene inkagwedera. Anatiperekeza mpaka pamsewu atavala masilipasi, n'kuima pomwepo mpaka tinakhota.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Titafika pamalo opumira a mumsewu waukulu, amuna anga anaimitsa vani n'kukagula tiyi wa m'makapu apepala ndi mabanzi awiri. Tinamwera m'galimoto momwemo, malole akudutsa. Mphuno yawo inali ikusupukabe ndi dzuwa la ku Belize. Ndinatulutsa mafuta m'chikwama n'kuwapaka, iwo atatsinzina. Kenako analiza injini, tinali tidakali ndi maola atatu kuti tifike ku Woolwich.