Supuni ya Anamwino

Anamwino opuma pantchito a nyumba yapakona sayenda opanda supuni m'thumba. Akaona khanda, kaya ndi m'basi kaya kutchalitchi, amazembera kumbuyo kwake n'kugwetsa supuniyo pansi. Mwana akadzidzimuka n'kucheuka, iwo amaseka: "Eya, makutu alipo. Akadzakula osamva, amenewo adzakhala makani chabe!" Azimayi amawanena kuti ntchito inawalowa m'magazi, komabe aliyense amabwera naye wake.

Tsiku lina mpongozi wawo anabwera ndi mdzukulu wongoyamba kukwawa. Anamwino anagwetsa supuni ija pasimenti, mwana n'kumangoyamwa chala. Anagwetsa chivundikiro cha poto. Mphaka anathawira panja, koma mwana osacheuka n'komwe.

"Amayi, bwanji?" anafunsa mpongozi uja.

Bodza linafika pakamwa pa Anamwino, lakuti mwana ali ndi tulo, koma analimeza. Anagwada pamaso pa mdzukuluyo n'kumutulutsira lilime, mwana n'kufa nazo nseko.

"Taona, maso ndi akuthwa, nzeru zilimo. Makutuwa tikawaonetse kuchipatala mawa, mwanangu. Usalire. Ndikamubereka ndine."