Nyale Makumi Anayi za Usta Shaaban

Kuseri kwa mzikiti wa Qaitbay, kumene manda ndi nyumba za amoyo zimagawana khoma, kuli ng'anjo ya Usta Shaaban. Wauzira galasi pamenepo zaka makumi anayi ndi zitatu, mpaka masaya ake anafutukuka ngati matumba akale. Ku Cairo kuno dzina loti usta silipatsidwa kwa mmisiri wamba, ndipo iye ankalisamala kuposa mano ake.

Mdani wake anali thovu. Galasi la kumandako limachokera ku mabotolo osweka, ndipo likazizira limatsala ndi timathovu tambirimbiri. Malemu bambo ake ankati, "Olemera amagula galasi, amphawi amagula mpweya." Choncho chilichonse chotuluka chopendekeka kapena chathovu, Shaaban ankachiponya m'dengu la pakhomo kuti chidzabwerere pamoto.

M'dengu lomwelo ndi mmene Madamu Riham anapisa dzanja. Mayiyu ntchito yake ndi kuganizira nyale za m'mahotela: zikhale zotani, zilendewere pati, kuwala kugwere pa ndani. Anatulutsa chinthu chobiriwira, chamimba yotupira mbali imodzi, chimene Shaaban anachiphonya tsiku lina chifuwa chitamugwira ali pakati pouzira. Anaikamo kababu kabatire n'kuchikweza m'mwamba. Khoma lakuda ndi mwaye lija linadzaza timadontho ta kuwala, tikugwedezeka.

"Usta, ndikufuna makumi anayi zotere, pakutha pa mwezi. Zikalendewera m'chipinda chodyera cha hotela yatsopano ku Zamalek. Iliyonse idzakhala ndi kachitsulo kolembedwa dzina la mmisiri."

Dzina! Katundu wa Shaaban wayenda m'misika yonse ya mumzindawu, matambula, mbale, mikanda, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kuti anauzira ndani.

"Madamu, chimenecho n'chinyalala. Ndikupangirani zenizeni."

"Zotere, Usta. Zotere ndithu."

Shaaban anagwira pamtima n'kumwetulira. Ulemu wa anthu ophunzira ankaudziwa: mlendo akapeza nyemba zopserera amati ndimakonda zomwezi. Mayiyu, anaganiza motero, sakufuna kundichititsa manyazi.

Anasiya ntchito zina zonse. Anauza otola zinyalala kuti azimubweretsera mabotolo oyera okhaokha, ndipo mkazi wake Sabah ankawatsuka katatu mpaka zala zinasuwa. Moto ankausunga maola owirikiza kuti thovu likwere pamwamba, alichotse. Nyale iliyonse ankaiyeza ndi kamtengo. Pa masiku khumi ndi asanu ndi anayi anauzira makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, n'kuswa makumi awiri ndi zitatu.

Mlamu wake Fikri, amene ali ndi kang'anjo kutsidya kwa msewu, ankabwera ndi tiyi m'manja kudzaonerera.

"Alamu, kodi mukupanga nyale kapena maso a dokotala? Pumani, mungatisiyire mlongo wangayu wamasiye."

"Choka apa iwe. Matambula ako munthu akathiramo madzi amayenera kuwagwirizira ndi mwala."

"Koma amagulidwatu, alamu."

"Ndi akhungu."

Madamu Riham atabwera anapeza nyale zonse zitandandalikidwa pa nsalu yoyera, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Shaaban anali atavala mkanjo wake wa Lachisanu. Mayiyo anatenga imodzi, anaikamo kababu kaja. Kuwala kunabaya m'maso. Khoma linangokhala khoma. Anayesa yachiwiri, yachisanu, yachikhumi.

"Usta, mwachita chiyani?"

"Onani bwino, Madamu. Mukapezamo thovu limodzi, ng'anjoyi mutenge."

"Ndiye vutolo! Galasi loyera ndikhoza kuitanitsa ku fakitale, n'kulandira mawa. Izi zikungoonetsa babu ali maliseche. Thovu lija ndi limene limaswa kuwala, kuti munthu adye osatsinzina. Ndinakuuzani kuti zotere."

"Ndimayesa mumandilemekeza."

"Ndimakuuzani ntchito, Usta."

Anamupatsa masiku atatu. Shaaban anabwerera ku mabotolo obiriwira, nayesa kulakwa. Manja anakana. Akafuna kupendeketsa, dzanja linkazunguza lokha mpope wouzirira galasi n'kuwongola. Anafika podzitsokomoletsa dala, koma chotulukacho chinali chinthu chowongoka chimene wina wachikankha, ndipo mayiyo anazindikira asanachigwire n'komwe. Zaka makumi anayi ndi zitatu sizichoka m'manja pa masiku atatu.

Tsiku lachinayi galimoto ya Madamu Riham inaima kutsidya kwa msewu. Fikri sanavutike. Anauzira monga amauzirira masiku onse, akucheza, ndudu ili kukhutu, ndipo pa sabata imodzi makumi anayi zinakwana.

Amalonda a ku msika wa Khan anapita kwa Shaaban ndi nzeru yabwino. Nyale zoyerazo zikanatha pa masabata awiri: kuzitembenuza, kuzitcha zoikamo maluwa, khumi ku sitolo iyi, khumi ku iyo. Galasi lotere silipezeka kawiri.

"Pa zimenezo mulembapo dzina la ndani?" anafunsa Shaaban. Amalondawo anabwerera chimanjamanja.

Patapita mwezi Fikri anabwera ndi foni, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene chimwemwe chamukulira. Pachithunzipo nyale zinali lendelende pa nthambo zotalika mosiyana, denga lonse litadzaza timadontho. Anakuza chithunzicho ndi zala mpaka kachitsulo kanaoneka: Usta Fikri.

"Alamu, akuti chaka chamawa akufuna zina zana. Ndekha sindingathe. Mutandithandiza..."

"Usta Fikri," anatero Shaaban, akulitafuna dzinalo pang'onopang'ono. "Mulungu akuonjezere."

M'mawa mwake Shaaban anatenga nyundo, n'kuyamba kuswa nyale zoyera zija. Sabah anaima pakhomo ndi zala zake zosuwa zija, mpaka ya makumi anayi inasweka. Zidutswazo anazithira m'ng'anjo pamodzi ndi mabotolo obiriwira. Moto sanausunge, thovu sanachotse. Anauzira mwaukali, ndipo chinatuluka chinthu chamimba yotupira mbali imodzi, chodzaza timathovu.

"Bambo a Mona," Sabah ananong'ona, "si chimene ankafuna mayi aja chimenechi?"

Shaaban anachikweza pa dzuwa. Timadontho tinavina pa khoma lakuda, pa nkhope ya mkazi wake, pa manja ake omwe. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chinyalala," anatero, n'kuchiponya m'dengu.