Ngolo yanga ndi sikelo ya malole

Chaka chimene anthu a sikelo ankabwera kudzayeza malole pa Nathenje, ine ndinali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Lole ikalemera mopitirira muyeso ndi matumba awiri kapena atatu, ankaileka kuti ipite. Koma alamu anga, amene ankayendetsa lole ya chimanga kuchokera ku Mitundu, ankawonjezera matumba makumi awiri.

Ankaima patali ndi sikelo n'kundiimbira foni. Tinkatsitsira matumba owonjezerawo m'ngolo, ine n'kudzera njira ya m'minda maulendo awiri. Lole inkakwera pa sikelo ili yopepuka, ndipo tinkakumana kutsogolo n'kubwezera matumba aja. Mkulu wina wa sikelo anandifunsapo kuti, "Bambo, chimanga chanuchi sichikutha?" Ndinangoseka.

Lachinayi lina masana tinabwezera matumba monga mwa masiku onse. Alamu anati, "Mawa tionanenso pomwepa." Pa mtsetse wa ku Diamphwe mabuleki anakana, lole n'kugubuduzika. Alamu anafera pomwepo. Nditafika ndinapeza azimayi akuwola chimanga m'zitenje, ndipo ndinazindikira matumba amene ndinanyamula ndekha. Sindinalire. Ndinkangoganiza kuti ng'ombe sizinamwe madzi.

Njira ya ku manda a kwathu galimoto siilowa, choncho bokosi tinaliika m'ngolo yanga. Mchemwali wanga, mkazi wa alamuwo, ankayenda pambuyo osandiyang'ana. Ndinakweza chikwapu, koma ng'ombe zinanyamuka zokha ndisanazimenye. Zinali zisanakokepo katundu wa alamu wopepuka chotero.