Chitofu chimene tinamumangira mwana wanga

Anadzandiuza ndi mng'ono wanga. Anandipeza kumunda ndikuthyola nandolo, iye akuthamanga, mpango uli m'manja. "Achemwali, siyani izo, mwana wanu wagwera pamoto." Sindinafunse kuti mwana uti. Wodwala matenda akugwa ndi mmodzi, wamkazi, woyamba kubadwa. Nthawi imeneyo n'kuti ali ndi ana ake awiri, mwamuna atamusiya kalekale.

Dzanja lamanja ndi limene linagona pamakala. Tinamukweza pa kabaza mpaka kuchipatala cha ku Njuli, akumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo tinakhalako mpaka nandolo uja anaumira m'munda. Manesi aja Mulungu awadalitse, ankamutsuka bala mwanayo akulira, iwo akumunyengerera ngati wawo.

Titabwerera kumudzi, dzanja likadali m'mabandeji, achimwene anga, amene ndi mmisiri womanga nyumba, anabwera kudzamuona. Anayang'ana mafuwa amene mwanayo anagwerapo nthawi yaitali, kenako anati, "Moto wapansiwu utimalizira mwana. Tiukweze."

Tinajambula khitchini yonse pabwalo ndi kamtengo. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma tsiku limenelo ndinaganiza ngati munthu wophunzira. Chitofu cha njerwa pakona, pafupi ndi zenera kuti utsi uzituluka, chotalika kufika m'chiuno. Chitseko chizitsegukira kunja, kuti akagwera pakhomo tizitha kulowa. Diramu ya madzi tinaichotsa m'kati, ndinaopa kuti angadzagweremo chamutu. Matumba a chimanga tinati akhale pa matabwa, matabwawo pa njerwa, kutali pang'ono ndi khoma chifukwa cha chiswe. Mipeni, mchere ndi mafuta ophikira pa shelefu yapamwamba, pamene ana safikira.

Mwana wanga anakhala pamkeka n'kumationerera. Khoma la chitofu litakwera anaseka, kuseka koyamba chichokereni kuchipatala.

"Amalume, mukumanga chitofu kapena guwa la m'tchalitchi?"

"Iwe, khala chete. Ukagwa uzigwera pansi, pansi sipawotcha."

"Ndiye ndizilalikira ndili pomwepo?"

"Uzilalikira, amayi akowa azidzaimba kwaya."

Amayi anzanga a kutchalitchi anatunga madzi ndi kututa mchenga, ena anabwera ndi udzu wofolerera, osapempha kanthu. Achimwene anasalaza makona onse kuti pasakhale pothwa pomupweteka mutu. Poyeza kutalika kwa chitofu anandiimika ine, poti msinkhu wanga ndi wa mwanayo ndi umodzi. Ndinanyamula poto wodzaza madzi, n'kumuika pamwamba, n'kumutsitsa, zonse bwinobwino. Tinagwada momwemo n'kuthokoza Ambuye. Palibe anakumbukira kuti ine ndanyamula ndi manja awiri.

Mabandeji atachotsedwa, zala zinali zitapindikira m'chikhatho, ndipo chigongono sichinkawongoka. Akuchipatala anamuphunzitsa zolimbitsa dzanjalo, anayesetsa, koma mpaka lero siligwira ngakhale chipande. Poto wamadzi ndi dzanja lamanzere lokha safika naye m'chiuno. Tsiku lina anayesa kutsitsa madzi owira, poto anapendekeka, madzi anamuphonya mwana wake wamng'ono pang'onong'ono. Shelefu ija nayo, mchere amachita kuugwetsa ndi mthiko.

Sanandiuze kanthu. Ndinangoona utsi ukufuka kuseri kwa khitchini, ndikuchokera kuganyu. Ndinamupeza atakhala pansi, miyala itatu ili patsogolo pake, akukankha poto ndi phazi kwinaku akuwongolera ndi dzanja lamanzere.

"Mwanawe, ukufuna undiphe ndi mtima?"

"Amayi, pansi pano ndimatha kukoka. Pamwamba paja sindingathe."

"Bwanji osandidikira?"

"Inu mukakhala kumaliro kapena kuganyu, anawa adye chiyani? Adikire dzuwa lilowe?"

Achimwene nditawauza anati achotseko njerwa, chitofu chitsike. Tinayeza ndi mwanayo mwini wake tsopano. Pamene amatha kufikitsa poto ndi m'mawondo, ndipo moto wa m'mawondo munthu akagwa amaugwera ndithu. Achimwene anaika pansi chingwe chawo choyezera, n'kukhala pa njerwa. Sindinawaonepo atakhumudwa chotero.

Mankhwala akumwa mosadumphitsa, ndipo kugwa kwachepa, pamenepo ndikuthokoza. Koma sikunathe, ndipo sikuchenjeza. Ndikakhala pakhomo ndimawaphikira ine. Kungoti sindingakhale pakhomo masiku onse, pakuti chakudyacho ndimachita kukachifuna, mawondo anganso ayamba kukana. Mng'ono wanga amasuzumirako akapeza mpata, naye ali ndi banja lake. Khitchini ija ilipo, yokongola, anthu odutsa amaiyamikira. Chimanga sichinagwidwe chiswe. Pachitofu paja pakuikira mazira nkhuku.

Ndikapita kumunda khasu limalima, koma khutu lili kumudzi. Munthu akangobwera mofulumira m'njira, mtima umandithawa. Ndapemphera mpaka mawu kutha, ndipo sindinasiye, koma njira sindikuiona.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukireko: mwana wangayu ndi dzanja lake limodzi, adzukulu anga awiri amene sanafike pophika okha, ndi ine, kuti Mulungu andisungeko mpaka wamkuluyo atakula.