Manda a ku Njuli, Kuonera pa Ndirande

Zimene ndataya chaka chino ndi izi. Mkazi wanga, Tadala. Firiji, imene inakwera lole imodzi ndi bokosi la maliro ake. Tulo ta m'bandakucha. Dzina loti alamu. Ufulu wotuluka pakhomo osafunsidwa kumene ndikupita.

Tadala tinakamuika kwawo ku Njuli. Patapita mwezi abale ake anandiitana n'kundisudzula mwaulemu wonse, ndi nkhuku yomwe. Ndisananyamuke ndinapempha kuti ndikaime pang'ono pamanda ake. Mchimwene wake wamkulu anandiyang'ana ngati ndapempha kubwereka mswachi.

"Kumanda si kuchipatala, bambo," anatero. "Kulibe nthawi yoonera odwala. Mudzalowa tsiku la chiliza."

Chiliza ndi chaka chamawa, simenti ikalola. M'mawa wa tsiku lomwelo munthuyu ankanditchula kuti alamu.

Koma pali chimene ndinachiona tsiku la maliro. Kwawo kwa Tadala mitengo inatha kalekale, kupatula ya kumanda, poti nkhwangwa imaopa akufa okha. Manda awo ali m'kankhalango kakuda kamene kanatsala kokha pakati pa minda. Ndinaganiza kuti chinthu chotere chiyenera kuoneka munthu ukakhala pamwamba, ndipo palibe mwambo woletsa kuyang'ana. Pamwamba papafupi ndi ine ndi phiri la Ndirande. Ndakulira mu Blantyre ndikuliona tsiku ndi tsiku ngati mpanda wa nyumba ya eni, osalikwerapo.

Ndinanyamuka Loweruka lina mu Juni, sikisi itangokwana. Achemwali anga akhala nane ku Kanjedza chichitikire maliro. Anabisa kale mankhwala a makoswe ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo amaganiza kuti sindinaone. Ndinawauza kuti kuofesi kwagwa ntchito. Bodza limafuna zovala zake, choncho kuphiri ndinapita ndi shati yoyera yosita ndi nsapato zachikopa zosongoka. M'chikwama cha laputopu munali magalasi oonera kutali, obwereka kwa mnzanga amene amaonera nawo mpira ku sitediyamu.

Minibasi ya pa Highway inanditengera K1,000 kukafika pa Chichiri. Tinakhala anayianayi, bondo langa lili m'thumba la kabichi la mayi wina. M'njiramo ndinawerenganso pafoni zimene mzungu wina analemba pa intaneti za phirili: njira yooneka bwino yodutsa m'nkhalango yachilengedwe, kamtsinje ka madzi ozizira, mbalame zamitundumitundu. Anachenjezanso za anyani. Chaka sanalembe.

Pa Chichiri ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, bambo wachikulire wa kofia yoyera pansi pa helemeti. Helemetiyo inali imodzi, ndipo mutu wofunika unali utasankhidwa kale. Dzina lawo anati a Saidi, mtengo K2,500.

"Kuphiri, bwana? Mapemphero?"

"Ayi. Kukangoona."

"Kuona puloti? Bwanji osanena! Mlamu wanga amagulitsa komweko. Ndi potsetsereka pang'ono, koma mphepo ndi yaulere, ndipo mvula ikagwa zinyalala zonse zimapita kwa aneba akumunsi."

"Nanga nyumbayo siitsatira?"

"Zimenezo ndi za Mulungu," anatero a Saidi, akuzemba dzenje limodzi n'kulowa m'linzake.

Tinadutsa mafakitale a ku Makata, tinadutsa msika wa Ndirande ukungodzuka, n'kukwera mpaka pamene msewu unasanduka ngalande. Apo a Saidi anaima n'kundifunira zabwino zonse ndi nkhope ya munthu amene sakuyembekeza kudzandionanso. Pa okala yomaliza ndinagula mandasi awiri ndi botolo la madzi.

Njira yooneka bwino ija imayambira pakhonde la munthu. Ndinapereka moni kwa mayi amene ankatsuka mbale, ndinawerama pansi pa zovala zake zoyanika, ndinasochera. Wondilondolera anali bambo wina amene ankasamba m'bafa ya masaka, mutu wokha uli kunja, thovu lili m'makutu.

"Mukhote pa chimbudzi cha malatacho, achimwene. Mukakumana ndi galu wofiira musathamange. Akakhala wakuda, thamangani."

Ndinakumana ndi wamawangamawanga, ndipo tonse awiri tinasowa chochita.

Cha m'ma eyiti nyumba zinatha, nkhalango yachilengedwe inayamba. Ndi ya nandolo ndi mapesi a chimanga. Zitsa nazo anazikumba, pangotsala maenje, ngati nkhama za munthu wotha mano. Kamtsinje ndinakapeza, kouma, kodzaza majumbo. Mbalame zinalipo mitundu iwiri, khwangwala wouluka ndi khwangwala wotera. Anyani ndikuganiza kuti anasamukira pa intaneti.

Chimene mzungu uja sanalembe ndi matchalitchi. Mwala uliwonse waukulu uli ndi mpingo wake ndi vesi lake lolembedwa ndi penti. Pamwala wina amayi ovala zoyera ankaimba motsitsa, ndipo ndinadutsa monyang'ama. Pa wotsatira panali mneneri wa suti yonyezimira ndi chimkuzamawu cha mabatire, akufotokozera Mulungu nkhani mokuwa ngati Mulunguyo ali ku Lunzu. Atandiona anasiya. Anayang'ana mphete pachala changa, kenako nkhope yanga.

"Munthu wa Mulungu, imani pomwepo! Mkazi wanu anachoka pakhomo. Ndikunama?"

"Simukunama."

"Aleluya! Abale ake ndi amene anamutenga."

"Pa lole."

"Ndikumuona akubwerera! Lachisanu lisanafike agogoda pachitseko. Inu mungofesa mbewu yanu apa." Analoza mbale ya pulasitiki imene inali pamwala.

"Mumuuze abwere ndi firiji," ndinatero, n'kupitirira.

Ndinayenda kamtunda ndithu osacheuka.

Kumtunda kwenikweni, pamene dothi limathera n'kuyamba miyala yokhayokha, pali munda womaliza. Mayi wina wamtali ankakumba mbatata pamenepo. Chinyanja chake chinali cha ku Nsanje. Anatsamira khasu n'kundiyang'ana kuyambira kumutu.

"Bambo, Baibulo lili kuti?"

"Sindikukapemphera."

"Nkhwangwa mulibe. Chibwenzi chatsogola?"

"Ndikungokaona."

Maso ake anafika pansapato zanga n'kukhala pomwepo.

"Munthu wa nsapato zotere sakwera phiri kukangoona. Ndi ngongole kapena mkazi?"

"Mkazi. Anamwalira."

"Pepani," anatero, ndipo anatsitsa maso monga munthu amachitira. Kenako anaika khasu paphewa n'kuyamba kunditsatira.

"Mayi, njira ndaiona."

"Inenso ndaiona."

"Ndikufuna kukhala ndekha."

"Eetu, n'chimene ndikuopacho. Wina anakwera chonchi, wa tayi. Tsiku lomutola kunabwera anthu a mayunifolomu, anatipondera mbatata, n'kuyamba kufunsa kuti minda ino anatipatsa ndani. Tinavutika mwezi wathunthu. Ngati muli ndi maganizo, bambo, phiri la Soche lilipo. Kumeneko kulibe munda wanga."

Chichitikire maliro anthu akhala akundilondera ndi mawu ofewa ndi mavesi. Uyu anali woyamba kundiuza chifukwa chake chenicheni, ndipo ndinamulola.

Gawo lomaliza ndi lokwawa ndi manja. Nsapato zinkaterereka pamwala ngati sopo, chidendene chinasupuka, shati inasiya kukhala yoyera. Tinafika pamwamba teni ili pafupi. Mayi uja anakhala pamwala pakati pa ine ndi phompho, n'kulandira ndasi limodzi osathokoza kwambiri.

Apa mzungu sananame. Kunja kunali kutayera. Ndinapereka msana ku tauni n'kuyang'ana kum'mawa. Pansi panga malata a Machinjiri ankanyezimira, msewu wa ku Zomba unkaoneka ngati ulusi, phiri la Chiradzulu linali chilili, ndipo kutali kwambiri Mulanje ankaoneka ngati utsi. Njuli ndinaipeza msanga chifukwa cha bala loyera la paphiri pamene amaswa miyala. Ndinatulutsa magalasi aja. Diso limodzi linali lachifunga, linalo labwino.

Kankhalango kakuda ndinakaona. Pambali pake panali kena. Kuseri kwake kena, kumanzere kena, mpaka kumene maso amathera, dziko lonse lili madonthomadontho ngati nkhanga. Mudzi uliwonse unasunga mitengo yake pa chifukwa chomwecho. Ine, ndi sukulu yanga yonse, ndinali ndisanaganize kuti anthu a midzi ina nawonso amafa.

Ndinayesa kukumbukira. Pafupi ndi manda awo panali tchalitchi cha malata adzimbiri. Matchalitchi otere ndinawapeza ochuluka. Panali mtengo wa mango pokhotera, panali mjigo, panali mbuzi. Tsiku lija njira yonse ndinkayang'ana kumbuyo kwa lole.

"Mwawaona?" anafunsa mayi uja, nditamuuza chimene ndimafuna.

"Alipo ambiri."

"Ndiye sankhani amodzi. Dzuwa likukwera, mbatata zikundidikira."

Ndinasankha kankhalango kena kozungulira bwino, kumanja kwa msewu. Ndinakayang'ana nthawi yaitali, kudikira chimene ndinakwerera phiri. Sindinalire pamaliro, poti panali anthu ofuna ndalama ya mafuta, ndipo sindinalire kunyumba, poti achemwali amamvetsera pachitseko. Ndinkayesa kuti pano zitheka. Koma n'kovuta kulirira mitengo imene mwina ikusunga agogo a munthu wina.

Nyimbo ndi imene inayamba kufika, eni ake pambuyo. Linali gulu la okwera mapiri Loweruka, a matisheti ofanana, ndodo zachitsulo m'manja, sipika ili pamsana pa mnyamata wina wandevu. Kumva kwake ambiri anali a ku Namiwawa, ndipo galimoto anazisiya kumunsi ndi wolondera. Atafika anakuwa, anakumbatirana ngati awoloka nyanja, n'kupereka msana ku dziko lonse lija kuti alijambule lili kumbuyo kwawo. Mtsikana wina ananyamula foni m'mwamba, anapendeketsa mutu, n'kunditembenukira.

"Ankolo, tasunthani pang'ono. Mukutitchinga."

Ndinasuntha. Posunthapo ndinatembenukira ku tauni, kumene ndinali nditakupewa m'mawa wonse. Kumeneko sindinafune magalasi. Sitediyamu, Highway, Ginnery Corner, ndipo pambali pake madenga aataliatali a chipatala. Mzere wa mawindo ndinaudziwa pomwepo. Ndinakhala pansi pamwala, ndipo chimene chinakanika kum'mawa chinabwera chokha, pamaso pa anthu a matisheti.

"Ndi shuga ameneyu," anatero wandevu uja. "Ndani ali ndi chakumwa?"

"Musiyeni," anatero mayi wa mbatata. "Inu jambulani mitambo yanuyo. Ndipo chitsekeni chiwailesicho."

Anachitseka. Mphepo inamveka koyamba.

Ine ndi mayi wa mbatata tinatsika limodzi. Pamunda pake mayiyo anandigulitsa mulu wa mbatata pamtengo wa m'tauni, n'kuima kundiyang'ana mpaka nditadutsa miyala yonse yoopsa. Mneneri uja anali atapeza mwamuna wina wa mphete. Galu wakuda ndinamupeza akugona. Ndinafika ku Kanjedza thuu koloko itadutsa, ndikutsimphina, mbatata zili m'chikwama cha laputopu. Achemwali anayang'ana shati, anayang'ana mbatata, n'kukateleka madzi osamba osafunsa za kuofesi.

Wofuna kukwera Ndirande anyamuke m'mawa, m'miyezi yozizira utsi wa moto wa tchire usanatseke kunja. Avale nsapato za mphira, ndipo akonzeretu yankho, chifukwa aliyense adzamufunsa chimene akukafuna. Manda a munthu mmodzi sangawapeze kuchokera pamenepo. Ine ndidikira chiliza monga anandiuzira. Koma sindikuona kuti ndinapita pachabe, ndipo ndidzapitanso.

M'chipatala muja bedi la Tadala linali loyang'ana pawindo, ndipo pawindopo pankaoneka phiri limeneli, lometedwa, la maenje, lopanda anyani. Masana omaliza ndinaima pamenepo ndikumufotokozera zimene adokotala ananena, ndi mawu onse a Chingerezi amene ndinawaloweza, kuti mankhwala atsopano ayamba kugwira, kuti sabata yamawa tikhala tili kunyumba. Ndinalankhula nthawi yaitali. Iye anatsegula maso, anandiyang'ana monga ankachitira ndikachulutsa zonena, n'kukweza chala pang'ono.

"Iwe, tasuntha. Ukunditchinga phiri."